Pepala Lopichirira Fodya

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene anandipatsa agogo m'dziko lomwe ndinalibe wachibale wa imvi.

Ndikakumbukira agogo aNankhoma, ndimamva fungo la chigumu chikupsa mu uvuni, ndi phokoso la sitima ikudutsa kuseri kwa nyumba zathu ku Takoma Park, kuno ku Amerika. Mwana wawo anali nesi mnzawo wa amayi anga, khomo loyang'anana ndi lathu, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkafikira kwa iwo. Ankapinda zovala akung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi, ine ndikuwayankha m'Chingerezi, iwo osasiya Chichewa chawo cha ku Angonia, ku Mozambiki.

Chaka china cha zisankho ndinamatula chipepala cha wandale pakhoma la pamasitepe. Kumbuyo kwake kunali koyera, ndipo ndinkafuna kujambulapo. Agogo atachiona, anatseka makatani, nandifunsa monong'ona ngati alipo wandiona. Kenako tinatsika, iwo akugwirira khoma, n'kukachimatanso ndi selotepi.

Titabwerera m'pamene anandiuza. Pa nkhondo ya Apwitikizi, boma linkamata zithunzi m'masitolo: dzanja lalikulu lofiira likutsomphola mwana, pambali msilikali atatchinga khomo la tchalitchi. Dzanjalo ankati ndi chikomyunizimu. Kumudzi kwawo odziwa kuwerenga Chipwitikizi anali ochepa, koma pepala linali losowa, ndipo lililonse likapezeka azibambo ankapichirira fodya. Amuna a agogo, aZuze, anang'amba kachidutswa kumunsi kwa limodzi la mapepala a bomawo, posankha pomwe panalibe chithunzi, poti ankaona kuti malembo alibe ntchito. Asilikali anawapeza nako m'thumba la malaya. Anawakweza lole, fodyayo asanasute n'komwe.

"Mawu amene anawafera aja, mwanawe, sankatha n'kuwatchula komwe," anatero. "Kumene anagona sindikudziwa. Akudziwa ndi Ambuye."

Ndinawauza kuti kuno ku Amerika sagwira munthu chifukwa cha pepala. Iwo anati aZuze nawonso ankaganiza choncho. Masana onsewo anakhala pampando pafupi ndi chitseko, ine ali chindigwirire mkono, ndipo phazi likamveka pamasitepe milomo yawo inkayamba pemphero. Amayi atafika kuchokera kuntchito, agogo anaika dzanja langa m'dzanja la amayiwo.

"Nayu mwana wanu, amake Tadala. Palibe wabwera."

Lero ndimasamalira okalamba ku Landover. Ena amachita mantha ndi tinthu tomwe ife timaona ngati tachabe, yunifolomu kapena kugogoda kwa chitseko. Ndinasiya kuwatsimikizira kuti palibe choopsa, pakuti sindidziwa zimene maso awo anaona. Ndimakoka mpando, n'kukhala nawo kufikira mtima wawo utakhala pansi.

Ambuye, amene adziwa manda onse opanda dzina, akusungeni inu owerenga. Ndipo aliyense amene mukumudikira lero akafike pakhomo panu ali wamoyo. Ameni.