A Kondakitala Anakweza Zala Ziwiri

A Kondakitala anabadwa kwa bambo womanga nyumba ndi mayi wogulitsa zovala pamsika. Bambo awo ndinawaona ndili mtsikana, munthu wa manja okhakhala ngati njerwa zomwe ankagwira. Mayi awo ankaimba kwaya ndi mawu aakulu ngati a mwamuna. A Kondakitalawo ali ndi ana atatu: wachisamba ndi namwino, wachiwiri amayendetsa magalimoto onyamula katundu, ndipo chitsirizira ndi mtsikana amene akuphunzira kusoka. Akazi awo anatisiya kalekale. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti sindikulemba za mngelo. Ndi munthu wa konkuno, wa kanyumba ka malata adzimbiri kuseri kwa malo omwetsera mafuta, ndipo banja langa lili nawo mangawa.

Unyamata wawo wonse unathera m'basi zazikulu zoyenda mitunda italiitali. Ankaima pakhomo, kachikwama ka matikiti kali pachifuwa, ndipo anali ndi lamulo lawolawo lomwe kampani sinawapatse: okwera limodzi amakhala limodzi. Sankafunsa mafunso. Ankangoona amene wanyamula chikwama cha mnzake, amene wagwira wina dzanja, kenako n'kukweza zala kuti am'kati aone. Zala zikakhala ziwiri, ndiye kuti wina asendeza, afune asafune.

Mawondo atayamba kuwavuta anasiya basi, ndipo mpingo wathu unawapatsa ntchito yolandira anthu pakhomo la tchalitchi. Anawaveka lamba wa nsalu wodutsa paphewa. Koma munthu sasiya chizolowezi chifukwa cha lamba. Tchalitchi anachisandutsa basi. Wochedwa aliyense ankamupezera malo, ngakhale pabenchi pomwe inu mumaona kuti singano singalowe.

"Achemwali, chikwama sichimva ulaliki, chiikeni pamiyendo," ankatero.

Kwa akuluakulu okonda kutambalala ankawanong'oneza kuti, "Abwana, mwalipira mpando umodzi."

Anthu ankaseka, n'kusendeza.

Tsopano ndinene za mdzukulu wanga. Ndi mwana wa mwana wanga wamkazi amene anamwalira iye asanayambe n'kuyenda komwe. Ndinamulera ine ndi amuna anga. Agogo ake aamunawo ndi amene anamutcha Katsabola, chifukwa kuyambira ali kamwana pakamwa pake sipankagwa ntchentche. Ine sukulu ndinalekeza panjira, ngakhale Baibulo ndimawerenga ndekha popanda wondithandiza, koma iye anaphunzira mpaka anapita kunja, kumene amayeza magazi pachipatala chachikulu. Denga latsopano la nyumba yanga ndi iye. Magalasi ndavalawa ndi iye. Amene akufuna kumunena ayambe waona zimenezo.

Chaka chimenecho nkhani ya maukwati a amuna okhaokha ndi akazi okhaokha inali paliponse, pawailesi, m'minibasi, pamzere wa kubanki. Kumpingo kwathu anaitanitsa msonkhano mapemphero atatha. Mphunzitsi wina wachinyamata anayesa kunena kuti anthu amenewo ndi anthu, ndipo maiko ena amawalola. Sanamalize bwino. A Kondakitala anaimirira, lamba ali paphewa.

"Ine si wophunzira," anatero, "koma Buku ndimawerenga. Ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi. Maboma asinthe malamulo awo mmene angafunire, a Mulungu sasintha ndi mavoti. Zimenezi ndi tchimo, ndipo ndikazitcha dzina lina ndiye kuti ndanama."

Anthu anawomba m'manja. Inenso ndinawomba, pakuti ndi zomwe ndimakhulupirira.

Sipanapite nthawi, Katsabola anandiimbira foni masana ndikuchapa.

"Agogo, ndamanga banja."

"Osatiuza? Ndi mwana wa yani?"

"Ndi uja ndinakuonetsani pafoni, wamagalasi uja."

"Iwe, si mkazi ameneyo?"

"Ndi mkazi, Agogo."

Ndinakhala pansi pomwepo, manja ali thovu lokhalokha. Musandifunse ngati ndinavomereza. Sindinavomereze, ndipo iye akudziwa, chifukwa ndinamuuza popanda kupsatira mawu. Koma foni sindinadule. Amuna anga, atamva, anati, "Mayi, khoswe wakhala pamkhate. Ukamuponya mwala, waswa mkhate wako womwe."

Zithunzi za ukwatiwo zinafika m'mafoni a achinyamata a kumpingo, n'kuchoka apo kupita kwa amayi awo. Ndinayamba kuona kuti ndikakhala pabenchi, malo a mbali yanga akukula okha. Ena ankandipatsa moni wa maliro ndili wamoyo. Mmodzi anandifunsa ngati mdzukuluyo ndinamulera ndi mapemphero. Ndinamuyankha kuti ayambe wawerenga ana a mwana wake ndi abambo awo, akamaliza abwere tikambirane.

Kenako amuna anga anadwala, ndipo matendawo sanachedwe nawo. Katsabola anakwera ndege, wamagalasi uja ali naye. Anafika pakhomo panga mtembo uli kuchipatala. Wamagalasiyo ndi mtsikana wamtali, wofatsa, wosayankhulayankhula. Atangondipatsa moni analowa kukhitchini n'kuyamba kutsuka makapu a anthu obwera kudzapepesa, osatumidwa ndi munthu. Ndinamuyang'ana kumsana, osadziwa kuti ndimuitane kuti chiyani.

Tsiku loti mawa lake ndi mwambo wa maliro, akulu a mpingo anabwera. Wowayankhulira anali mkulu wina, mwini golosale ya pamphambano. Anakhala pampando wa amuna anga, chipewa chili pabondo.

"Amayi, mdzukuluyo alowe m'tchalitchi, ndi maliro a agogo ake. Koma winayo ayi. Atsale panja, kapena akhale kumbuyo kwenikweni ngati mlendo. Tikawakhazika pamodzi pabenchi la banja, anthu ati mpingo wadalitsa."

Katsabola anali kuseri kwa chitseko, anamva zonse. Akulu aja atapita anatuluka maso ali gwa.

"Agogo, akamusiya panja, inenso nditsala panja. Ndikakwera ndege ndiye kuti ndakwereratu. Simudzandionanso kuno."

Ndimamudziwa mwana ameneyu. Sawopseza. Mwamuna ndinali nditataya kale, tsopano ndinali pafupi kutaya mwana yekhayo amene mwana wanga anandisiyira. Ndipo woima pakhomo la tchalitchi anali yemwe uja anayankhula mwamphamvu kuposa onse pamsonkhano. Kukawapempha sindikanatha. Ndikanayamba ndi mawu ati, ine amene ndinawawombera m'manja?

Mawa lake m'mawa ananditengera kutsogolo, pafupi ndi bokosi. Tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo, chifukwa amuna anga anakonza mawailesi ndi mawotchi a theka la anthu amenewo. Ana anga aamuna ndi akazi awo anadzaza benchi la banja, ndipo kumapeto kwake kunakhala akazi a mkulu wa golosale uja, chikwama chawo chachikulu chili pambali. Iwo si abale athu. Ndinadziwa chomwe anakhalira pamenepo.

Kwaya itayamba nyimbo yoyamba, ndinatembenuka. Atsikana awiri aja anali pakhomo. Katsabola, uja wa pakamwa posagwa ntchentche, ankalira moti miyendo sinkamunyamula. Wamagalasi anali atamugwira pachigongono, ndipo zikwama zonse ziwiri zinali paphewa pake. Kutsogolo kwawo kunaima a Kondakitala.

Anawayang'ana mmene ankayang'anira anthu pasiteji ya basi. Anayang'ana zikwama, anayang'ana dzanja lili pachigongono. Kenako ndinaona mkono wawo ukukwera, zala ziwiri zili m'mwamba.

Anatsogola pakati pa mabenchi pang'onopang'ono, ndi mawondo awo aja, atsikana akuwatsatira. Mitu inatembenuka. Ena a kwaya anasokoneza mawu. Atafika pabenchi lathu anawerama kwa akazi a mkulu uja.

"Amayi, a banja afika. Ndakusungirani malo abwino mzere wachiwiri, pafupi ndi windo."

Mayiwo anayang'ana amuna awo. Mkulu wa golosale anachoka pampando wa akulu n'kubwera msangamsanga, akunong'ona, koma ine ndinali pafupi ndipo makutu anga ndi abwino.

"A Kondakitala, tinagwirizana zotani?"

"Munagwirizana inu kunyumba kwa amayiwa. Ine pakhomo ndaona awiri."

"Mukudziwa kuti winayo ndi ndani?"

"Ndikudziwa bwinobwino. Wina akulira, wina wamugwira. Ndiwalekanitse kuti agwe?"

Mkuluyo anayang'ana kwa Abusa. Abusa anali atatsegula buku la nyimbo, akuimba ndi mtima wonse ngati munthu amene sakuona kanthu. Mayi aja ananyamula chikwama chawo. Malo anali a munthu mmodzi ndi theka, koma a Kondakitala anakhudza mwana wanga wamkulu paphewa n'kuti, "Sendezani, bambo, malo alipo." Anasendeza. Ana anga onse anasendeza, mpaka ine ndinamva chigongono cha mpongozi wanga m'nthiti. Katsabola anakhala, wamagalasi anakhala, ndipo tinaika m'manda agogo ake iye ali pambali panga.

Mlungu wotsatira akulu anakumana, ndipo a Kondakitala anawalanda lamba. Anati ndi kwa kanthawi, kuti aganizire za kumvera. Mpaka lero kanthawiko sikanathe. Pakhomo pamaima wina, munthu wabwino ndithu, koma akaona benchi ladzaza amakhulupirira kuti ladzazadi, ndiye ochedwa amaima kumbuyo.

Ndinapita kukawaona kunyumba kwawo. Ndinawapeza pakhonde akupaka mafuta njinga ya mwana wawo wamkazi.

"Ndabwera kudzathokoza, achimwene."

"Amayi, kukhazika anthu pansi n'kothokoza? Ndakhala ndikuchita zimenezo moyo wanga wonse, palibe anabwera kunyumba."

"Koma akulandani lamba chifukwa cha ife."

"Mawondo akuthokoza. Tsopano ndimakhala pansi ulaliki wonse. Vuto ndi tulo basi, poti kale ndinkagona choimirira, anthu osadziwa."

Ndinaseka koyamba chimwalirire amuna anga. Kenako ndinawafunsa chomwe chinkandisowetsa mtendere.

"Kodi mwasintha maganizo pa nkhani ija?"

"Ayi, Amayi. Zomwe ndinanena pamsonkhano ndikhoza kuzinenanso mawa. Mwana wanuyo wasochera, ndipo ndimamupempherera. Koma ulaliki uli ndi eni ake, ine anandipatsa khomo. M'basi ndinanyamula akuba, ndinanyamula abusa, sindinafunsepo munthu kuti ukukatani kumene ukupitako."

Ndimomwe alili. Sanandiuze kuti ndimukane mwana, sanandiuzenso kuti zili bwino. Ana awo anagawikana pa nkhaniyi. Namwino uja akuti bambo ake anachita bwino, woyendetsa magalimoto akuti anadzichotsera ulemu pachabe. A Kondakitala amangoti onse awiri anakula ndi ndalama za matikiti, asawaphunzitse ntchito.

Katsabola asanabwerere ndinamuuza kuti apite akathokoze. Apa ndiye pamene tinayambana. Msuweni wake anali atamufotokozera zonse zomwe a Kondakitala ananena pamsonkhano paja, mawu ndi mawu.

"Agogo, munthu amene amati banja langa ndi tchimo, ndikamugwadire chifukwa cha benchi?"

"Sindikuti ukagwade. Ukangoti zikomo."

"Benchilo linali langa kale. Ndi maliro a agogo anga."

"Linali lako, koma panakhala chikwama cha eni ake. Anachichotsa ndani?"

"Inunso mumaganiza ngati iwo."

"Ndimaganiza ngati iwo, ndipo wadya m'nyumba mwanga, wagona m'nyumba mwanga, iwe ndi mnzakoyo. Wafa?"

Wamagalasi anali akupinda zovala m'sutikesi. Ananena motsitsa kuti iye akhoza kupita. Katsabola anamuyang'ana kamodzi, nkhani inathera pomwepo. Ananyamuka ulendo wawo osapita kukathokoza.

Sindikumunyoza mwana wanga. Ndikudziwa kuti mawu aja anamubaya, ndipo kuti ine ndinawombera m'manja, zimenezonso anamva. Koma chachikulu n'chakuti sanakwereretu. Amaimba Lamulungu lililonse madzulo, ndipo akuti tchuthi chikubwerachi abwera, awiri. Timakangana za Baibulo mpaka foni kutentha, iye ndi mavesi ake, ine ndi anga, kenako amandifunsa ngati ndamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Zonsezi ndikanazisowa a Kondakitala akanamvera akulu tsiku lija. N'chifukwa chake ndalemba, kuti adzukulu anga ena, amene amangowaona ngati nkhalamba yosinza kumbuyo kwa tchalitchi, adziwe kuti ndi ndani, ndipo akakumana nawo panjira aziwalandira katundu.

Ine zikomo wanga ndinapereka, koma zikomo wa agogo salowa m'malo mwa wa mwini wake. Ndikamukumbutsa pafoni, Katsabola amayamba kufunsa za mvula. Potuluka m'mapemphero a Kondakitala amandidikira pamasitepe, chifukwa tonse timatsika mochedwa.

"Ana ali bwanji kunjako, Amayi?"

"Ali bwino, achimwene."

Amagwedeza mutu, n'kudikira pang'ono ngati pali mawu ena otsatira. Ine ndimayang'ana ndodo yanga. Moni woti ndiwapatsire, mwanayo sananditumebe.