Mazira Makumi Asanu ndi Limodzi M'kabati ya Achemwali

Achemwali anga ankaswetsa mazira popanda thadzi. Mumsewu mwathu monse ankawatchula Make Anapiye, ndipo iwo ankavomera dzinalo monyadira. Chida chawo chinali kabati yakale ya mbale yoboola timabowo m'mbali, pansi pake pali nyali ya palafini. Kutentha ankayeza ndi chikope. Ankatenga dzira, n'kuligunditsa padiso ali chitsinzinire, kenako n'kunena kuti lafunda bwino kapena lazizidwa. Dzira lililonse linali ndi kamtanda ka pensulo kuti adziwe lomwe alitembenuza kale. Anapiyewo ndiwo anaphunzitsa mwana wawo wamkazi mpaka kukhala namwino.

Tsiku lina eninyumba anaona mwaye utadetsa khoma.

"Mayi, nyali iyi ituluke," anatero. "Mukaikonda kwambiri mutuluke nayo limodzi. Nyumba yanga sindinamangire moto."

Tinakhala pansi pabalaza, aliyense ndi yakeyake. Alamu anga, amuna a achemwaliwo, amene ankawotcherera zitsulo, ankafuna jenereta, poti kwa iwo chinthu chopanda phokoso chinalibenso mphamvu. Namwino ankafuna sola, chifukwa anatopa kumva amayi ake akutsokomola utsi. Eninyumba anati magetsi a waya basi, zina zonse n'zoyambitsa ngozi. Ine ndinkangovomereza aliyense amene wamaliza kulankhula.

"Mwatha?" anafunsa achemwali. "Ine ndikufuna chinthu chosawodzera masiku makumi awiri ndi limodzi. Thadzi silipita kutchuthi."

Palibe amene analonjeza zimenezo. Komabe nyali inatuluka, ndipo m'kabati munalowa mababu awiri akale, aja otentha osagwirika. Achemwali anaikamo mazira makumi asanu ndi limodzi, onse amene anali nawo. Akanafa amenewo, ntchito yawo m'nyumba imene ija ikanathera pomwepo.

Masiku khumi ndi asanu ndi atatu anadutsa bwinobwino. Tsiku lotsatira, dzuwa lili paliwombo, kunja kukuwomba kamphepo kozizira, magetsi anazima.

Alamu anatulukira pakhomo akukoka jenereta ya kuntchito kwawo, nkhope ili ngwee ngati apambana mlandu. Anaiimika pakhonde n'kukoka chingwe. Nyumba yonse inanjenjemera, makapu anayamba kuvina pathebulo, mazira n'kumagundana m'kabati.

"Zimitsani bambo, mundiphera ana," anakuwa achemwali. "Mukuyesa mukuwotcherera geti?"

"Ndiye mphamvu imeneyotu, mayi."

"Mphamvu yanuyo mupite nayo kumsewu."

Namwino anali atathamangira kale kuchipinda kwake. Anabwera ndi batire ya sola ndi babu latsopano loyera, aja osadya magetsi ambiri. Atalumikiza, kabati inawala ngati sitolo ya mankhwala, ndipo ine ndinaomba m'manja. Achemwali anagwira babulo ndi zala ziwiri. Linali lozizira ngati mwala.

"Kuwala n'kokongola, mwanawe, koma anapiye anga sanapemphe kuwerenga nyuzipepala."

Anagunditsa dzira pachikope, n'kupukusa mutu. Tonse tinadziwa kuti layamba kuzizidwa.

Eninyumba, amene anabwera kudzadandaula za phokoso, anali chiimire pakhomo. Anakanda kumutu, anatsokomola, kenako anati kwawo ali ndi chitofu cha gasi, ndipo madzi amawira msanga.

"Inu? Gasi?" anatero alamu. "Si paja inu mumaopa ngakhale machesi?"

"Cha akazi anga chimenecho. Tiyeni, musandichedwetse."

Sindinaonepo anthu akuluakulu akuthamanga chomwecho. Eninyumba ankawiritsa madzi n'kubwera nawo m'ketulo, mimba ikugwedezeka. Namwino ankathira m'mabotolo. Ine ndinkaveka mabotolowo masokosi a alamu, obooka ndi abwino omwe, ndipo achemwali ankawandandalika pansi pa mazira, n'kufunditsa kabati ndi bulangete. Botolo likangoyamba kupola, ankati, "Lina," ife n'kumwazikanso. Alamu anavula ngakhale masokosi amene anavala. Anthu odutsa mumsewu ankafunsa ngati m'nyumbamo muli wodwala, eninyumba n'kumayankha akuthamanga kuti odwala alipo makumi asanu ndi limodzi.

Magetsi anayaka dzuwa litapendeka. Mkangano unayambiranso pomwepo, tili chikhalire pansi, thukuta lili kamukamu. Alamu ankati jenereta sinapatsidwe mpata, namwino ankati cholakwa chinali babu osati sola. Achemwali anasendera kufupi ndi mazira awo. Khutu lawo linali pakabati.

Patapita masiku awiri, m'mamawa, achemwali anandiitana ndi dzanja. M'kati munkamveka tiphokoso tating'ono, ngati munthu akugogoda ndi chikhadabo. Dzira loyamba linang'aluka tikuona, kamlomo n'kusuzumira. Pofika masana kabati inadzaza ndi kulira, tianapiye tonyowa tikugwa n'kudzuka, tikupondana. Tinawerenga tianapiye makumi asanu ndi kamodzi; mazira asanu ndi anayi okha ndiwo sanaswe. Achemwali ankaseka misozi ili mbwembwembwe, akutchula kalikonse kuti mwanangu.

Eninyumba anagwada pasimenti ndi thalauza lawo labwino. Kamwanapiye kena kanakwera m'dzanja lawo n'kugona momwemo, ndipo iwo anaopa ngakhale kupuma.

"Aka ndi ka botolo langa lomaliza lija," ananong'ona. Kenako anayang'ana achemwali. "Mayi, ulendo winawu tiikamo angati? Ndiuze akazi anga agule ketulo yaikulu."