Belu la Efo Agbodzi

Kumudzi wa Anyako aliyense ankadziwa kuti Efo Agbodzi ndiwo mwini gankogui, belu lachitsulo lija limene ng'oma zonse zimatsamirapo. Zaka makumi anayi akuliimba pamaliro, osaphonya. Ng'oma iliyonse imayenda njira yakeyake, koma belu likangoterereka, zonse zimagwera pamodzi ngati mbale zapathandala.

Chimene Efo ankabisa n'chakuti makutu awo anatha kalekale. Belu ankalimva m'dzanja, pamenepo panalibe vuto. Choopsa chinali pothera gule. Woimba ng'oma yaikulu akaitana, onse amaleka nthawi imodzi, ndiye kuitanako Efo sankakumva. Ankachita mantha zedi, poti wogontha amamulanda belu n'kukamukhazika pabenchi ya nkhalamba zoomba m'manja.

Ankawapulumutsa ndi Davi Afeafa, mayi wogulitsa nsomba zowamba, amene ankakhala kutsogolo ndi chisekese. Kuitana kukangomveka, mayiyo ankagwetsa nsalu ya paphewa, Efo n'kuleka. Sanapanganepo ayi. Pamsika Davi ankangowanyoza kuti nsomba sagula, amakhuta fungo.

Ndiye Loweruka lina maliro anali a Davi Afeafa omwewo. Efo anaganiza zonamizira malungo, koma munthu ungadwale bwanji pamaliro a ameneyu? Anakhala pansi, kamtengo koimbira kakuterera ndi thukuta. Gule wa agbadza anayamba. Anati adalire manja a woimba ng'oma yaikulu, koma ovina anawatchinga, kutsogolo misana yokhayokha.

Anagunda, anagunda, mtima uli m'mwamba. Kenaka anaona mapazi onse ataima, fumbi likutsika, maso onse ali pa iwo. Ankaimba okha, kaya kuyambira liti. Pomwepo analeka.

Adzovi, mng'ono wa malemu, anadzagwada patsogolo pawo nsalu ili paphewa, n'kulankhula pang'onopang'ono kuti Efo aone milomo yake.

"Efo, mundikhululukire. Akulu anga anandisiyira ntchito ya nsaluyi ali gone pamphasa. Ine ndinatanganidwa ndi kulira."

Efo anafunsa kuti winanso akudziwa za makutu awo ndani. Adzovi anangocheukira amayi onse a zisekese, ndipo amayiwo anazolika. Woimba ng'oma yaikulu, amene Efo ankamuopa zaka zonsezi, anangowakodola kuti ayambitse gule wina.

Efo anakweza kamtengo kaja. Maso awo, mwa chizolowezi, anapita pamalo a Davi. Pampandopo panali chisekese chokha.