Milomo Yakuda ndi Oyilo

Achimwene, lero njinga yamoto yandifukizira utsi pa Malomo, fungo lake landikumbutsa inu. Chaka chija matipate itangoyamba, mudabwera ndi injini ya boti ya msodzi wa ku Nkhotakota kuti muikonze, kumapiri kuno kopanda ndi bwato lomwe. Mudaimiza mumgolo wamadzi pabwalo, tsiku lomwe akuchimuna ankabwera kudzakamba za ukwati wanga. Mudati oyilo sakufika ku pampu, ndipo ikalira choncho ipsa, mwini wake sadzapitanso panyanja. Mudazula kapaipi, nkuyamwa ndi pakamwa mpaka mpweya udatuluka, oyilo nkuyamba kuyenda, inu nkuiliza injiniyo.

Alendo adalowa nthawi yomweyo. Inu, nkhoswe yanga, mudawalonjera milomo ili bii, oyilo akuchucha pachibwano, injini ikulira kumbuyo kwanu ngati chigayo. Ndidathawira kuseri kwa nkhokwe. Mudanditsata mukuseka: "Mlongo, tuluka. Adzera iwe awa, sadadzere milomo yanga." Mpaka lero apongozi akaikamba nkhaniyi ndimazolika. Koma chichokereni inu, pabwalo paja padangoti zii, achimwene. Bwerani mudzandichititsenso manyazi.