Amuna Anga, Komandante ndi Tigalimoto Tawo

Amuna a anzanga pochokera ku Zambia ankabwera ndi zinthu zoti munthu n'kuloza: wina njinga, wina makina osokera, wina thumba la mchere, umene m'zaka za nkhondo zija unkasowa kuposa chilungamo. Anga, amene ine ndi ana awiri tinawadikira ndi njala, anabwera ndi katoni. Anali atagwira ntchito yothirira maluwa kwa mzungu wina ku Lusaka, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anaganizira mozama za umphawi wathu, n'kuwapatsa chidole cha mwana wake.

Anafika dzuwa lili paliwombo, atayenda wapansi kuchokera kumalire a Cassacatiza. Msewu waukulu nthawi imeneyo unali ndi mabomba okwirira, ndipo galimoto zinkangodutsa mwa apo ndi apo pa koluna, zitandandalikana pakati pa asilikali. Katoni anaisenza pamutu ulendo wonse. Ine nditaiona ndinaimba nthungululu, n'kuthamangira kukaitana amayi anga kuti adzaone zimene mkamwini wawo watitengera.

M'katonimo munali kagalimoto kofiira, kutalika kwake ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala, ka matayala onenepa a timano, ndi kawaya koima pamsana. Pambali pake panali kabokosi kakuda ka timitengo tiwiri tokankha ndi zala, nakonso ndi mlongoti wokoka ngati wa wailesi.

"Zinazo zikubwera pambuyo?" ndinafunsa.

"Zina ziti, amake mwana? M'Chifunde monse muno, mpaka ku Tete komwe, palibe amene ali ndi chinthu ichi."

"Zimenezo ndiye ndikukhulupirira."

Amayi anga, amene anaima chapatali monga amachitira apongozi, anandikodola n'kundifunsa chapansipansi ngati chinthucho chimaphika kapena chimasoka. Nditawauza kuti ndi galimoto, chimangoyenda, anati, "Nanga mwini wakeyo wabwereranji wapansi?"

Kagalimotoko kankadya mapilya, miyala ya wailesi ija. Amuna anga anatsegula wailesi yathu n'kuchotsa onse, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhani za nkhondo tinkazimva kwa anthu odutsa ndi mitolo pamutu. Koma ndinene zoona. Atakaika pansi n'kukankha kamtengo kamodzi, kagalimoto kanalira ngati chiudzudzu chachikulu n'kuthamanga kokha pabwalo, popanda chingwe, popanda dzanja. Nkhuku zinabalalika, galu anakalowa kunsi kwa nkhokwe, amayi anga anachita chizindikiro cha mtanda. Inenso kukamwa kunali yasa. Zinandisangalatsa mpaka madzulo, pamene ndinalawa ndiwo n'kukumbukira kuti mchere tilibe.

Kuphunzira kuyendetsa kunatenga nyengo. Kagalimoto kakamapita kokufulatira zonse zinkayenda bwino, koma kakatembenuka n'kumabwera kokuyang'ana, dzanja lamanja linkasanduka lamanzere. Amuna anga ankapinda thupi lonse, lilime panja, uku akukakalipira ngati kali ndi makutu. Kanagunda mtondo, kanagubuduza mphika wanga wa nyemba, kanalowa m'phulusa la pamafuwa. Iwo anati vuto ndi bwalo langa, silosalala.

Ndiye munthu uja amene msana unkamupweteka akangoona munda, anakalambula malo kuseri kwa kapela, nyumba yathu yaudzu yopempherera. Anatuta dothi la pachulu, kuliwaza madzi, kulitsendera ndi musi wanga, n'kundandalika zitsononkho m'mbali kuti makona azioneka. Njirayo inali yokhotakhota ngati podutsa njoka, ndipo kona imodzi yakuthwa anaitcha "kwa apongozi" chifukwa ankati munthu uyenera kufikapo mwaulemu.

Madzulo amuna a m'mudzi ankasonkhana kumeneko. Palibe amene ankaloledwa kugwira kabokosi, koma aliyense anasanduka katswiri. Anthu osakwerapo ngakhale ngolo ankatsutsana mpaka kutuluka thukuta kuti liwiro liyenera kuchepetsedwa pati. Ine kuchitsime anzanga ankandipatsa njira mwaulemu, amvekere, "Apatseni malo atunge msanga, akazi a eni galimoto, mwina ali ndi ulendo."

Mapilya akafooka ankawayanika padenga ngati mfutso, kuwamenya ndi mwala, kuwaluma, ena kuwawiritsa m'kachitini. Akafa ndithu, nkhuku yanga imodzi inkasowa, n'kubwerera kuchokera kumalire itasanduka mapilya. Mchenga ukalowa m'magiya ankauchotsa ndi nthenga yoviika m'mafuta anga a nsatsi. Nkhuku zija zinkathandiza mbali zonse.

Kenaka munthu wina wokonda dziko lake anakauza asilikali kuti mwamuna wochokera ku Zambia ali ndi wailesi ya mlongoti, ndipo madzulo aliwonse amailozetsa kumapiri kumene kunkakhala a m'tchire, adani awo. Asilikaliwo anabwera m'mawa tikumwa phala. Amuna anga anawamanga manja ndi chingwe cha mbuzi yanga, n'kunyamula kabokosi kakuda monga umboni. Kagalimoto anakasiya, poti kazitape sangakhale ndi chidole. Ndinakakulunga m'kapulana, chitenje changa, mwana wamng'ono kumbuyo, n'kuwatsatira. Masiku amenewo munthu akamutenga chotero, kwawo ankayamba kulira maliro osaona mtembo.

Asilikali ankakhala m'loja, sitolo yakale ya Mpwitikizi wina amene anachoka kalekale. Komandante wawo anali wamng'ono kwa amuna anga, wochokera kummwera kwenikweni kwa dziko, wowonda, maso ofiira ndi tulo, ndipo Chinyanja chake chinali chothyokathyoka. Anakoka mlongoti wa kabokosi n'kukaika kukhutu.

"Kamarada, iwe lankhula ndi ndani apa?"

"Ndi galimoto, a komandante," anayankha amuna anga.

"Galimoto ili kuti?"

Ndinagwada pakhomo n'kumasula kapulana. Asilikali awiri analumphira kuseri kwa matumba a mchenga poganiza kuti ndabweretsa bomba. Amuna anga anawamasula manja n'kuwamanga miyendo m'malo mwake, kuti aonetse zimene akunenazo. Anakankha kamtengo. Kagalimoto kanangoti ng'ii, n'kukhala chete. Anakankhanso. Zii. Mapilya owiritsa aja anasankha tsiku limenelo kuti afe.

Komandante anayang'ana msilikali wa mfuti amene anaima pafupi nane. Ine mantha anandiiwalitsa malo anga.

"Pepani a komandante, tochi yanuyo ili ndi moto? Tibwerekeniko miyala yake."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kundiponyera tochiyo. Mapilya atasinthidwa, kagalimoto kanatuluka ngati mbewa yothawa utsi, kanadutsa kunsi kwa tebulo, pakati pa nsapato za komandante, n'kukagunda bokosi la zipolopolo. Kenaka komandante anaseka mpaka kutsokomola.

"Patsa ine."

Anayendetsa mpaka dzuwa kupendeka, amuna anga ali pansi ndi miyendo yomanga, akumulangiza za makona. Anawamasula madzulo. Kagalimoto kanatsala kuti akafufuze bwino, ndipo kufufuzako kunapitirira mpaka chimanga chinacha, amuna anga akuitanidwa tsiku ndi tsiku monga mekaniku wa boma. Anayamba kuyenda m'mudzi manja ali kumbuyo.

Koluna yotsatira sinabweretse sopo, mankhwala a malungo kapena makope a ana asukulu. Inabweretsa kagalimoto kachikasu ka komandante, kamene woyendetsa lole wina anamugulira ku Zimbabwe. Kathu kanabwezedwa, ndipo kunalengezedwa mpikisano Lamulungu lotsatira.

Padiri anali atasiya kutifikira chifukwa cha msewu, choncho mapemphero ankatsogolera ndi katekista, bambo wachikulire wolankhulira m'mphuno. M'mawa umenewo analalikira mwamphamvu za amuna amene mitima yawo ili pa zidole pamene dziko likupsa. Titatuluka, yemweyo anazungulira kuseri kwa kapela atanyamula chitsulo chimene tinkaimba ngati belu, n'kunena kuti mpikisano wopanda woweruza woopa Mulungu umabala ndewu.

Mudzi wonse unabwera. Tigalimototo anatiika pamzere, katekista n'kumenya chitsulo. Tigalimoto tija tinanyamuka limodzi, n'kukhotera limodzi kumanzere, n'kukalowa limodzi m'zitsononkho. Anayambiranso. Komandante akakankhira kumanja, tigalimoto tonse tiwiri, kofiira ndi kachikasu, tinkamumvera. Amuna anga akakankhira kumanzere nthawi yomweyo, tigalimoto tinkangoima pamalo amodzi n'kumanjenjemera ngati tadwala malungo. Zinapezeka kuti timabokosi tawo tinkalankhula pa siteshoni imodzi, ndipo kagalimoto sikankadziwa mwini wake. Asilikali ankangoyang'anana, osadziwa ngati kuseka n'kololedwa.

Katekista ndiye anapeza nzeru yoti aziyendetsa mmodzimmodzi, winayo atazimitsa kabokosi kake. Wotchi ya komandante inali itaima kalekale, choncho katekistayo anati aziyeza nthawi ndi pemphero la Tikuoneni Maria, akuwerengera pa zala. Amene wazungulira ndi mapemphero ochepa ndiye wapambana.

Sindinamvepo munthu akupemphera modzipereka ngati katekista uja komandante akamayendetsa. Liwu lililonse ankalitafuna, kupuma, kuyang'ana kumwamba. Ikafika nthawi ya amuna anga ankapemphera ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Komandante ankapambana Lamulungu lililonse, ndipo amuna anga ankabwera kunyumba akung'ung'udza kuti chipembedzo chalowa kukondera.

"Khalani chete, bambo ake mwana," ndinkawauza. "Munthuyo akupempherera khosi lanu."

Kamodzi kokha amuna anga anapambana. Kachikasu kanagubuduzika pa kona ya kwa apongozi n'kugona chagada, matayala akuzungulira m'mwamba, moti ngakhale katekista mapemphero anamuchulukira. Anthu anabalalika mwakachetechete. M'mawa mwake msilikali anafika pakhomo pathu n'kutula chitini cha nsomba ndi mapilya atsopano. Masana komandante anabwera yekha kudzafunsa mmene amuna anga amalowera pakona ija osagwa. Ndinamupatsa madzi akumwa. Anayang'ana mwana wanga amene ankakwawa pamphasa, n'kunena kuti nayenso ali ndi wake kwawo, anamusiya asanayambe kuyenda, ndipo kachikasu adzamupititsira nkhondo ikatha.

A m'tchire anatifikira m'nyengo yozizira, m'mawa, tsiku lokhalo limene amuna anga analawirira kumunda popanda wowakakamiza. Ndinamva mfuti kuchokera kuloja, kenaka ndinaona utsi. Ndinabereka wamng'ono, kugwira wamkulu padzanja, kusenza dengu la mfutso limene linali pafupi, n'kulowa m'thengo, amayi anga ali patsogolo. Tinayenda masiku angapo mpaka kudutsa malire.

Kumsasa wa othawa nkhondo ku Zambia, pofuna kuphika, ndinapisa dzanja m'dengu n'kugwira tayala. Amuna anga anali atabisamo kagalimoto, chifukwa sabata imeneyo ndinali nditalumbira kuti ndikasonkhezera moto. Mwa chuma chonse cha banja lathu, chimene ndinapulumutsa pamutu panga ndi chimenecho. Kabokosi kanapsera m'nyumba.

Katekista anatipeza kumsasako. Ndiye anatiuza kuti komandante anafera pakhomo la loja, ndi kuti amuna anga anawaona a m'tchire akuwasenzetsa katundu wofunkha, chingwe m'chiuno, kulowera kumapiri. Ndinakhala dzinja lonse osadziwa ngati ndine mkazi wa munthu kapena wamasiye.

Anafika mvula itatha, atakwezedwa pa njinga ya munthu wachifundo, mapewa ali zilonda zokhazokha, mapazi otupa osaponda. Zimene anaona kumeneko sananene, ngakhale pambuyo pake. Ankangogona m'tenti kuyang'ana kumwamba. Anamwino a pamsasa anati zilonda zipola, koma ayenera kumayenda pang'onopang'ono, apo ayi miyendo iuma. Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinalira. Iwo osadzuka.

Tsiku lina ndinangotenga kagalimoto n'kuwaikira pachifuwa. Anakayang'ana nthawi yaitali, n'kuzunguza tayala ndi chala. Kenaka anapempha mpeni. Anakatsegula kunsi, kudula timawaya, n'kulumikiza kainjini kake molunjika ku mapilya amene ine ndemwe, inde ineyo, ndinakasinthitsa ndi nyemba za chithandizo. Popanda kabokosi sikankakhotanso. Ukakaika pansi kankangopita kumene kaloza mpaka kagunde chinthu, ndiye munthu ankayenera kukatsatira. Poyamba ankatsimphina mpaka patenti yoyandikana nafe, atatsamira ndodo. Kenaka mpaka pamjigo. Pofika nyengo yotentha ankakathamangira ndi chigulu cha ana pambuyo, akukalipira aliyense woima panjira. Anamwino anati mankhwala awo agwira ntchito, ndipo ine sindinawatsutse.

Kagalimoto kanatha tsiku logawa chimanga. Kanalunjika kunsi kwa lole imene inkabwerera m'mbuyo, n'kumveka phwa. Ana anakuwa. Amuna anga anatola zidutswa zofiira, kuzitembenuza m'manja, n'kuuza woyendetsa loleyo mwaulemu kuti kabwereredwe kake ka m'mbuyo kakufunika maphunziro. Woyendetsayo sanamve n'komwe. Zidutswazo anagawira ana aja, matayala kwa okulirapo, kenaka anabwera kudzaima nane pamzere. Thumba lathu litatuluka anasenza okha mpaka kutenti, akupumira panjira, osalola kuti ndiwathandize.