Mkulu wa Zimkuzamawu Zinayi

Mkulu wa pakona pa msewu wathu muno mumzinda wa Recife ali ndi galimoto yokalamba, padenga pake zimkuzamawu zinayi. Ntchito yake ndi kufikitsa chikondi cha eni ake. Mnyamata akalakwira chibwenzi, amalemba uthenga, mkuluyu n'kukaima pakhomo pa mtsikanayo. Amayamba ndi nyimbo ya magitala ija, ya mwamuna wolumbira kuti sadzaleka kukonda, kenako amawerenga pepalalo mokweza mpaka nsomba za m'nyanja zimakhululukirana. Iye nkhope ili gwa, ngati akulengeza katemera wa agalu.

"Olira ndi makasitomala," amatero. "Ine ndimangoyendetsa."

Mwezi watha akazi ake, Dona Zuleide, anasamukira kwa mchemwali wawo. Akuti atopa: zaka makumi anayi bamboyo akukonda tauni yonse pamaikolofoni, koma kunyumba mawu ake ndi "khofi ali kuti?" basi.

Tsiku lachitatu chichokereni mayiwo, mkulu uja anakaimika galimoto pakhomo pa mlamu wakeyo dzuwa lili paliwombo, msewu wonse uli m'mawindo. Nyimbo inalira n'kutha. Anatenga maikolofoni, koma pepala panalibe, poti palibe amene anamulembera. Zimkuzamawu zinayi zija zinangofalitsa kupuma kwake, kenako kukoka mamina, mpaka a kutauni yoyandikana nafe ya Olinda anamva.

Dona Zuleide anatuluka manja ali m'chiuno.

"Mwatha, bambo inu?"

"Sindinayambe, mayi."

"Musayambe, mungawononge." Mayiwo anatsegula chitseko chakutsogolo cha galimotoyo n'kukhala pampando. "Ikaninso nyimbo ija. Koma tsitsani, imeneyo ndi yanga ndekha."