Sabata Yopuma ya Bizwick

Pa Chonde ukafunsa za Bizwick Namaona, anthu amayamba aseka kaye. "Uja amathamanga popanda womuthamangitsa?" Ndi yemweyo. Kwawo ndi ku Nkando, kuno anabwera kudzakwatira Esteri, ndipo wakhala pachikamwini zaka khumi ndi ziwiri. Malo ndi a eni, munda ndi wa eni, ana atatu amene anabereka, Kondi ndi azing'ono ake, nawonso ndi a eni. Mvula ikagwa amalembedwa yothyola tiyi ku esiteti, tiyi akachepa amauzidwa kuti akadikire kunyumba. Chake chenicheni pa dziko lino ndi miyendo basi.

Chaka ndi chaka m'mwezi wa Julaye kumakhala mpikisano wothamanga pa phiri, kukwera mpaka pamwamba n'kutsikira mbali ina. Bizwick anali atalowa kanayi. Ankanyamuka ngati wapsa ndi moto, anthu n'kumukuwira, koma pofika kumapeto amakhala wachisanu ndi chiwiri kapena wachisanu ndi chitatu, lilime lili panja.

Chaka chathachi kunamveka kuti kampani ina ya alonda ya ku Blantyre idzatenga atatu oyambirira, kuwalemba ntchito, kuwapatsa nyumba, kuti aziyithamangira m'mipikisano. Koma inkafuna osakwana zaka makumi atatu ndi zisanu. Bizwick ankazikwanitsa mu Okutobala. Atamva zimenezi anakondwa ngati mwana. Nyumba yoti atseke yekha chitseko, popanda womuwerengera masitepe!

Anapita kwa a Wyson, msilikali wopuma amene amakonza njinga pamsika. A Wyson anathamangirapo asilikali pa unyamata wawo, ndipo sadziwa kunyengerera munthu.

"Iwe liwiro uli nalo, nzeru ndiye ulibe," anatero. "Umathamanga tsiku limene wakondwa, tsiku limene wakwiya ukugona. Mwendo sufuna zimenezo."

Anang'amba pepala m'kope n'kumulembera ndondomeko ya miyezi isanu ndi umodzi. Lolemba pang'onopang'ono m'misewu ya m'minda ya tiyi. Lachitatu chitunda chimodzi, kukwera ndi kutsika kasanu ndi katatu. Loweruka ulendo wautali, kukafika ku Chinakanaka n'kubwerera. Pansi penipeni analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti sabata yomaliza ndi yopuma.

"Imeneyi ndiye mankhwala ake," anatero a Wyson, akugogoda pepalalo ndi sipanala. "Miyezi yonseyi ukhala ukuswa thupi. Sabata imeneyi ndi yoti lilumikizane. Usagwire khasu, usasenze kanthu. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

Ndipo anamveradi. Munthu amene anali asanasungepo lamulo la aliyense anasunga la pepala. Mu Febuluwale ankathamanga m'matope asanapite kothyola tiyi, dengu likumudikira. Mu Juni chiperoni chikuwaza, anzake atakumbatira mbaula, iye ali pa chitunda. Masiku ena m'mimba munali phala lopanda shuga lokha. Koma thupi linayankha. Chitunda chija chimene poyamba chinkamusanzitsa anayamba kuchimaliza akutha kuyankhula. A Wyson, amene sayamika munthu, tsiku lina anayang'ana wotchi yawo n'kunena kuti, "Ukapanda kupusa, uli m'gulu la atatuwo."

Ndiye inafika sabata yopuma ija. Lolemba Bizwick anayala mphasa pakhonde, dzuwa lili pamutu, n'kugona chagada.

Tsono Julaye kuno ndi mwezi woumba njerwa. Nyumba ya apongozi ake, mayi a Esteri, inagwa khoma ndi namondwe wina wamphamvu, ndipo kuyambira pamenepo ankagona m'khitchini pamodzi ndi nkhuku. Chaka chimenechi anali atakumbitsa dothi, zikombole atabwereka kwa masiku owerengeka. Tisawanamizire nkhanza mayiwa, analidi pa mavuto. Ndipo mwana wa munthu, wamphamvu zake, ali gone pamphasa masanasana, mudzi wonse ukuona.

Mpongozi sayankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Iwo anayankhula ndi galu.

"Iwe galu, tadzuka apo! Kudya umadya, koma ntchito yako sitiyiona. Kapena nawenso uli ndi pepala?"

Amayi a pachitsime anaseka mpaka kugwira m'mimba. Bizwick anatseka maso, koma makutu alibe chitseko. Lachiwiri anabwera malume ake a Esteri, mwini mbumba, n'kukhala pa mpando osavula chipewa.

"Bambo a Kondi, ife timati tinapeza mwamuna pakhomo pano. Miyezi yonseyi mphamvu mumakataya kumsewu, sitinayankhule. Lero mlongo wanga akufuna manja masiku atatu okha, inu ndiye mwadwala?"

"Sindikudwala, malume. Ndi ndondomeko ya mpikisano. Loweruka likangodutsa ndiumba zonse ndekha."

"Zikombole zikubwerera kwa eni ake Lachisanu. Kapena tikafunse ku Nkando ngati kwanuko kugona ndi ntchito?"

Esteri anali pakhomo, maso ali pansi. Zimenezo ndi zimene zinamupweteka Bizwick koposa. Mkamwini sawiringula. Anadzuka, napinda mphasa.

Masiku atatu anaponda matope ofika m'mawondo, kuzula mwendo, kubwezera, kuzulanso. Akatero ankanyamula chikombole chodzaza n'kuthamanga nacho kobwanyulira, kuwerama, kudzuka, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mumtima ankadzinamiza kuti nayonso ndi mbali ya kukonzekera. Lachisanu madzulo ntchafu zinali ngati matabwa. Kwa a Wyson sanapiteko, anachita manyazi.

Loweruka pokwera phiri miyezi isanu ndi umodzi ija inaoneka. Anafika pamwamba ali wachiwiri, mpweya uli bwinobwino, ndipo kwa kanthawi anakhulupirira kuti Mulungu wamukhululukira. Koma phiri limalipiritsa potsika. Ntchafu zinayamba kunjenjemera, kenako zinangokana. Mwala uliwonse ankautsika ngati nkhalamba. Mnyamata wina anamudutsa. Iye analimbikira, akudziuza kuti wachitatu ndi wachitatu ndithu. Atatsala pang'ono kufika, anthu akumveka kale kukuwa, anamva mapazi kumbuyo. Anauza miyendo kuti tiyeni, miyendo sinamve.

Anamaliza wachinayi, msana wa wachitatuyo akuuona.

Bwana wa kampani ija analemba maina atatu n'kutseka buku. Bizwick anamutsatira akutsimphina, chiphaso chake cha unzika chili m'manja.

"Bwana, nanga chaka chamawa?"

Bwanayo anayang'ana chiphasocho, n'kumubwezera ndi manja awiri. "Pepani, achimwene. Mudzakhala mutapitirira zaka."

A Wyson anali chapatali atagwira njinga yawo. Anayang'ana dothi lofiira limene linali litakakamira m'zikhadabo za Bizwick, kenako anakwera njingayo n'kumapita.

Atafika kunyumba anapeza Esteri ali wosangalala, kwa nthawi yoyamba m'sabata yonseyo. Anamutenthetsera madzi, namuthira m'beseni kuti aviike mapazi.

"Amayi akondwa nanu kwambiri," anatero. "Akuti njerwa zachuluka, zitsalako. Akuti zotsalazo mumangire nyumba yathu, kuseri kwa yawoko. Malume avomera kale. Akuti tsopano aona kuti ndinu wokhazikika, simudzachoka pano."

Bizwick anayang'ana mapazi ake m'madzimo.

"Ukawathokoze," anatero.